Ndikufuna umakaniko wa mathiraki ndi makatapila, ndipite ku koleji kapena ndikhale pa galaja?

Mfana wa ku Biwi

Moni akuluakulu nonse, ndithandizeni maganizo nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ine ndinalemba MSCE chaka chathachi, kukhoza ndinakhoza koma mapointi sanafike poti nkutengedwa ku yunivesite, bola masamu ndi physics ndinapeza ma credit. Chilembereni mayeso ndili pa galaja ya amalume anga ku Biwi kuno ku Lilongwe ngati sipana boyi, kutsuka mapatsi m'beseni la petulo, kupatsira masipanala, kulowa kunsi kwa galimoto kukamasula nati ya sampu, zomwezo mukuzidziwa. Magalimoto amabwera pathu ndi ang'onoang'ono, ma Sienta, ma Vitz, ma Probox, mwa apo ndi apo minibasi. Pano mabuleki ndimasintha ndekha, kilatchi ndimatsitsa nkubwezera popanda wondiuza.

Koma mtima wanga uli pa zikuluzikulu. Mwezi watha ndikupita kumudzi tinafika pena pamene akukonza msewu wa M1, nde panali excavator itangoima mkono uli pansi, injini ikulira bwinobwino koma mkono osadzuka matcheni osayenda, ma thipa anayi ali pamzere madalaivala atagona pamthunzi. Ndinatsika minibasi pomwepo ngakhale ndinali nditalipira mpaka ku Mponela. Kenako kunabwera bambo ena pa pikapu, sanayambe ndi sipanala ayi, anakwera mu kabini ndi laputopu, kutsika nkumanga geji pa paipi ina yaing'ono, anayang'ana pang'ono nkumasula kanthu kofanana ndi batire la tochi kali ndi waya, kuika kena, basi mkono uja nyamu, ma thipa onse kuyamba kuyenda. Nditawafunsa kuti bwana izi munaphunzira kuti anangoti pita ku sukulu mfana, nkulowa m'galimoto.

Nde vuto ndi ili, amalume akuti koleji nkutaya zaka, akuti ana a ku tekiniko amabwera ndi pepala koma kugwira sipanala osadziwa, bola ndikhale pompano ndidzatsegule yanga. Mayi akufuna ndipite koma ndalama yawo ndi ya soya, siyobwereza kawiri. Amene muli m'ntchitoyi ndiuzeni, kozi yake imatchedwa chani, imapezeka kuti, ndipo munthu ukamaliza amakulola kugwira katapila kapena ubwereranso pa ma Vitz omwewa? Wina anandiuza za ku Zambia kuti kuli sukulu ya zimenezi zokhazokha, ndi zoona?

Fitala wa ku Kanengo

Mphwanga wafunsa bwino, ine ndinadutsa momwemo ndipo pano ndatha zaka 16 pa mathiraki. Ndiyambe ndi ichi, ambiri amene tikugwira zikuluzikulu kuno kwathu sitinayambire pa katapila, tinalowa koleji pa automobile mechanics, ena pa general fitting, nkudzakhotera ku zikuluzikulu nthawi ya atachimenti. Nde usataye chaka kufunafuna geti lolembedwa dzina la excavator.

Njira yake ndi ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Amatulutsa advert ya apprenticeship m'nyuzi ndi pa tsamba lawo la Facebook, umafunsira malo ndi MSCE yako, ndipo ma credit ako a masamu ndi physics amenewo ndi chuma usawapeputse. Makoleji akuluakulu alipo 7, Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia, kuphatikiza ma community technical college amene anayamba mu 2015 aja. Koleji iliyonse ili ndi makozi ake nde uwerenge advert bwinobwino usanasankhe, koma Lilongwe Technical ya kwanu komweko automobile ili nayo. Ukatengedwa kudzera ku TEVETA fizi imapepuka chifukwa imathandizidwa ndi levy imene olemba ntchito amapereka, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, pamene ukalowa wekha pa parallel zonse zimagwera pa soya wa mayi uja. Yesa kaye ya TEVETA.

Amalume ako sakunama kotheratu. Komwe ndinaphunzira ine tinkaunjikana gulu lonse pa injini imodzi ya dizilo yakalekale, yomasulidwa nkumangidwa chaka ndi chaka mpaka maboti ena anatha mano, ndipo anzanga ena anamaliza asanatsitsepo giyabokosi ndi manja awo. Zimenezo zilipo. Koma chimene ndinatenga kumeneko pa galaja sindikanachipeza, ndi kuyeza ndi kuwerenga. Micrometer, dial gauge, torque wrench, kuwerenga manyuwo, kutsata waya pa diagram kuchoka ku fyuzi mpaka ku sensa. Pa Vitz ukamanga hedi ndi mphamvu ya mkono mwina upulumuka. Pa Cummins kapena Detroit Series 60 ya mu Freightliner, liner, chitsulo chonga paipi chimene pisitoni imayendamo, imayenera kutulukira pamwamba pa buloko ndi muyezo wake, kuphonya kwake nkochepa ngati kupyapyala kwa pepala la m'kope, maboti a hedi ali ndi ndondomeko yake yoyambira pakati kupita kunja komanso torque yake, ukangoti ndikumva m'manja kuti yagwira gasketi ikaphulikira ku Tete thiraki itanyamula feteleza wa eni, ndipo dzina lako lithera pomwepo.

China chimene chidzakudabwitse ndi mabuleki. A thiraki si a mafuta ngati a Sienta, ndi a mpweya, pali kompuresa, air dryer, matanki, mavavu ambirimbiri, pulesha yake imasewera cha m'ma 8 bar kupita m'mwamba, ndipo mpweya ukathawa thiraki siithamanga yopanda mabuleki ngati mmene anthu amaganizira, sipuling'i ya mu chamber ya kumbuyo imamanga yokha mateyala nkuuma gwa. Sipuling'i imeneyo ndi yamphamvu zoopsa, chamber yake usadzayese kuitsegula ndi hamala ngati mmene timaonera m'magalaja ena, imachotsa nsagwada. Magetsinso ambiri ndi 24 volts, mabatire awiri olumikizana. Zonsezi munthu akakufotokozera pa bolodi kaye nkudzaziona pa thiraki, zimalowa msanga kusiyana nkuzitola pang'onopang'ono kwa bwana amene nayenso anangozitola.

Tsono mvetsa apa chifukwa ndi pamene ambiri amataya. Maphunzirowa amayenda mosinthana, miyezi ina m'kalasi miyezi ina ku kampani, level 1, level 2, level 3. Nthawi ya atachimenti ikafika ana ambiri amangolowa pa galaja yapafupi ndi kwawo kuopa thiransipoti, nde amabwerera pa ma Probox omwe aja nkumadabwa kuti bwanji a zikuluzikulu sakuwatenga. Iweyo atachimenti yako ndiye kozi yako yeniyeni ya heavy. Ugogode ku makampani a mathiraki ku Kanengo kuno, ku Blantyre kuli Makata ndi Chirimba, makontilakitala a misewu, minda ya nzimbe ku Dwangwa ndi ku Nchalo kumene kuli mathirakitala ndi ma loader, kwa ma dila ngati Barloworld amene amagulitsa makina a CAT. Uyambe kugogoda kukadali miyezi itatu, upite wekha ndi kalata m'manja ukafunse foromani wa workshop, usangosiya pa geti. Ngakhale atati sitikupatsa kanthu koma nsima ya masana, ngati pali gireda ndi dozer pamenepo lowa. Ndipo logbook yako izisainidwa sabata iliyonse, ulembemo dzina la makina, kaya ndi CAT 320 kaya Komatsu PC200, ndi chimene unagwira. Pa intavyu buku limenelo limalankhula kuposa satifiketi.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi mphwanga, amalume akupatsa poyambira pabwino, sikuti ukapita ku koleji wawanyoza.

Breakdown Beira Road

Ine nde ndili mbali ya amalume, pepani a Fitala. Sindinapondeko ku tekiniko, ndinaphunzira kwa mdala wina ku Ndirande kuyambira ndili mwana ndipo lero ndimadya za mathiraki omwewa, foni ikalira usiku ndimanyamula bokosi langa kutsata thiraki kulikonse yafera, Mwanza, Zobue, Moatize mpaka kutsika. Tsiku lina thiraki ya Howo inatifera pakati pa Changara ndi Guro usiku, paipi ya mpweya itakhuzana ndi chasisi nkubooka mabuleki nkumanga pakati pa msewu, ndinali ndi mnyamata wa pepala lake labwinobwino koma anangoima manja m'thumba kudikira kuti kuche tikagule paipi yatsopano ku Tete. Ine ndinadula pobookapo, kulumikiza ndi konekita yomwe ndimayenda nayo, kukulunga labala pamene imakhuza paja, mpweya kukwera, tinafika ku Beira tsiku lomwelo. Zimenezo kalasi siphunzitsa amwene, zimafuna munthu amene wagonapo kunsi kwa thiraki udzudzu ukumuluma.

Nde mfana zaka zitatu ukakhale pa benchi anzako akupanga ndalama, uganize bwino. Ngati nkhani ndi pepala, ine ndinakalemba Trade Test ya ku Labour, Grade 3 kenako Grade 2, osalowa m'kalasi, ndipo masiku ano TEVETA ili ndi ija amati RPL yoti munthu amene unaphunzirira pa ntchito amakuyesa zomwe ukudziwa nkukupatsa satifiketi. Bola usamuke pa ma Vitz upite pa galaja ya mathiraki ukhale sipana boyi kumeneko.

Koma chilungamo ndinene, pali pamene ndimagonja. Ma Howo akale a injini ya WD615 ndi ma Fuso Fighter ndimawamva ndi khutu. Koma ma Scania ndi ma Volvo atsopanowa ikangoyatsa nyali pa dashibodi nkudula mphamvu, ine ndimaitana kamnyamata kena ka laputopu ndipo pa ndalama ya ntchitoyo theka limapita kwa iko, kagwira mphindi 20 ine ndatha tsiku. Chimenecho chimandiwawa ndithu. Ndikanakhala wa msinkhu wako za magetsi ndikanazithamangira.

Mayi wa Hydraulics ku Chigwa

Mlongo wanga, kanthu konga batire la tochi kamene unaona kaja mwachidziwikire inali solenoid ya pilot. Excavator ili ndi mafuta a mbali ziwiri, pali a pulesha yaikulu amene amanyamula mkono ndi kuyendetsa matcheni, ndiye pali ena a pulesha yochepa amene amachoka ku ma joystick kukakankha mavavu akuluakulu aja. Opareta akasuntha kandodo ka loko kali pambali pa mpando, solenoid imeneyo ndi imene imatsegula njira ya mafuta ang'onowo, nde ikapsa kapena waya wake akaduka injini imalira bwinobwino koma makina onse amakhala ngati akufa. Bambo aja sanalote, anaona kuti zonse zaima nthawi imodzi, anayeza pulesha ya pilot, nkudziwa kolowera. Munthu wosadziwa mmene mafuta amayendera akanayamba kumasula pampu yaikulu, ya ndalama zoti mukhoza kugula nazo galimoto, pa vuto la kanthu kolowa m'thumba. Kusiyana kwa sukulu ndi kumeneko.

Achimwene a ku Beira Road ulemu wanu, luso lanu ndi lenileni ndipo ife a m'ma workshop timalifuna. Koma ndikutsutsani pa chimodzi. Pa zikuluzikulu kuphunzira molakwitsa kaye kumadula, nthawi zina kumadula thupi. Teyala la Sienta mumapopa 2 bar ndi pang'ono. Mu paipi ya excavator mumadutsa mafuta opitirira 300 bar. Mnzathu wina amene anabwera kuchokera ku galaja, wakhama kwambiri, ankafufuza pamene hosi ya loader ikudontha nde anayendetsa dzanja pa hosipo ngati mmene amachitira pa paipi ya radiyeta. Kabowo kake kanali kosaoneka ndi maso. Anangoti mayo ngati walumidwa ndi njuchi, pachala panali kadontho kakang'ono kofiira basi, anapukuta nkupitiriza ntchito. Mmawa mwake dzanja lonse linali litatupa, mafuta analowa mkati mwa mnofu, ku chipatala anachita kung'amba ndipo chala chimodzi sichinapulumuke. Mpaka lero ndikamuona akumanga zingwe za nsapato mtima umandipweteka, chifukwa tsiku loyamba la hydraulics m'kalasi anatiuza kuti podontha timafufuza ndi katoni osati dzanja, ndipo zikakulasa uthamangire ku chipatala nthawi yomweyo ukanene kuti ndi mafuta a pulesha. Iyeyo panalibe anamuuzapo.

Chimodzimodzi chizolowezi chomasula paipi ya injekita injini ikulira kuti muone ngati dizilo akufika, pa injini zakale anthu amachita, koma pa injini zatsopano za common rail pulesha imafika mpaka 2000 bar, musayerekeze. Thipa ikakwezedwa osalowa kunsi kwake musanaike chitsulo chotchinjiriza, mkono wa excavator uzikhala pansi musanamasule hosi iliyonse, kiyi azikhala m'thumba mwako osati pa makina. Izi ku kampani yolongosoka amakufunsa pa intavyu asanakufunse nkomwe za injini.

Ine ndinalowa pa automobile, m'kalasi mwathu atsikana tinalimo awiri, atachimenti ndinakapanga ku minda ya nzimbe ndipo sindinabwererenso ku magalimoto ang'ono. Miyezi yoyamba ntchito yanga inali gilizi basi, kupopa m'mapini onse a loader mmawa uliwonse, kukhetsa madzi mu water separator, kupopera ma air filter, dzuwa la kuno ku Chigwa mukulidziwa. Ndinkaona ngati akundipeputsa koma pamenepo ndi pamene ndinadziwira makina, pini ikayamba kudya umaiona ndiwe wa gilizi. Kunonso sitiwerenga makilomita, timawerenga maola pa hour meter, sevisi ya 250, ya 500, ya 1000, iliyonse ndi zosintha zake. Ndipo mdani wamkulu ndi fumbi. Ku galaja oyilo amathira ndi chigubu chodula chimene chagona pansi tsiku lonse, kuno ukathira hydraulic oil ndi chigubu chotero foromani akubweza kunyumba, chifukwa kamchenga kochepa kakalowa mu pampu kamaipala mkati mpaka kutha.

Nde pita ku koleji mlongo wanga, ndipo ukakafika usakathawe maphunziro a magetsi ndi technical drawing ngati mmene anyamata ambiri amachitira poti akufuna za sipanala zokhazokha. Chizungunso uchilimbikire, mamanyuwo onse ndi mapulogalamu a pa laputopu oyezera makina ngati CAT ET kapena INSITE ya Cummins ali m'Chingerezi, ndipo ukamaliza ntchito umalemba lipoti. Pakhomo pa amalume uzipitabe pa holide, manja ako ali kale patsogolo kuposa anzako amene udzawapeze m'kalasi.

Wa ku Chipata ali ku Solwezi

Za ku Zambia ndiyankhe ine. Ndi zoona, sukulu imene anakuuza ndi NORTEC, Northern Technical College ku Ndola, kuli kozi ya Heavy Equipment Repair ndipo ndi yodziwika kwambiri kuno chifukwa cha migodi. Ine ndinadutsa kumeneko, manje ndili ku Solwezi. Kuno kuli Kansanshi, Lumwana ndi ku Kalumbila, ma dump truck ake teyala chabe kutalika kuposa munthu ataimika mkono, ukaima pafupi umadziona ngati nyerere. Ubwino wa kozi imeneyi ngwakuti kuyambira pachiyambi mumaphunzira za makina akuluakulu, hydraulics, transmission, final drive, undercarriage, osati kuyamba ndi tumagalimoto. Kunonso bungwe loyang'anira maphunzirowa dzina lake ndi TEVETA ngati kwanu, koma ndi mabungwe awiri osiyana usasokoneze.

Koma mwana, uwerengere bwino. Ndola si Chipata kuti udzadutsa pa Mwami mmawa nkubwerera madzulo ku Mchinji, ndi kutali, udutse Lusaka kaye. Ufunika pasipoti, study permit, malo ogona, chakudya, ndipo uwalembere a sukulu akuuze okha fizi ya munthu wochokera kunja ndi mmene amalandirira MSCE, usamvere za m'minibasi. Chinanso, ukamaliza ntchito za ku migodi kuno amayamba kuona eni dziko, ndipo ngakhale ife eni ake timalimbirana malo a atachimenti. Ngati ndalama ndi ya soya wa amayi monga wanenera, ine ndingati yamba kwanu, utenge level zako, ugwireko zaka ziwiri zitatu pa makina, ukadzafuna kuonjezera udzabwere ndi ndalama yako ndiponso ukudziwa chimene ukufuna. A Fitala anena zoona za logbook, kunonso ndi chimodzimodzi.

Mlamu wa ku Joni

Mfana ndimvere ine amene ndinasankha njira ya amalume ako. Ndinachoka ku Mangochi ndi luso lokhalokha, pano ndili ku Germiston pa yadi ina ya mathiraki chaka cha 9. Injini ndimaphwasula ndekha nkuimanga, difu, giyabokosi, zonse, bwana akakhala ndi ntchito yovuta amaitana ine. Koma pa pay slip ndine assistant. Mnyamata amene ndinamuphunzitsa ine kutchera ma valve, poti ali ndi Red Seal, satifiketi ya trade test ya kuno, ndi amene amasaina job card ya ntchito yanga ndipo amalandira kuposa ine kutalitali. Ukadandaula amati bweretsa pepala. Usiku ndikamaganiza zimenezi tulo sitibwera, ana akukula.

Kuno munthu amatchedwa artisan akakhoza trade test, ya diesel mechanic kapena ya earthmoving, malo odziwika oyesera ndi ku Olifantsfontein. Amene tinaphunzirira pa ntchito njira ilipo, koma amafuna makalata a kumene unagwirako osonyeza zaka ndi ntchito imene unkagwira, pa pepala la kampani losainidwa. Nanga mdala wa pansi pa mtengo amene anandiphunzitsa kumudzi, anamwalira kale, kalata ndikaitenga kuti? Amene amabwera ndi satifiketi ya kumudzi amaipititsa ku SAQA kuti aione kuti ikufanana ndi chani kuno, poyambira amakhala nawo. Nde kulikonse udzagwireko, ngakhale miyezi itatu, usachoke wopanda kalata, uzisunge mu pulasitiki ngati ziphaso za munda.

Komanso usathamangire kuno. Popanda ma pepala okhalira ngakhale ukhale katswiri umagwira mwamantha ndipo amakulipira mmene afunira. Kumudzi zinthu zikutseguka, mgodi wa Kayelekera ku Karonga umene unaima mu 2014 unayambanso mu 2025, ku Kangankunde ku Balaka kukukonzedwa mgodi, za mgodi wa ku Kasiya mukuzimva, pafupi pompo ku Moatize kuli malasha, misewu nayo sikutha kumangidwa. Malo onsewo ndi ma excavator, ma dozer ndi ma dump truck, ndipo ku ofesi yolemba ntchito sakakuyesa ndi sipanala poyamba, amayamba ayala ma satifiketi pa tebulo nkuchotsa amene alibe. Makina amenewo akonzedwe ndi ana a kwathu, zimandipweteka kumva kuti pakafa gireda mpaka aitane munthu wochokera kunja.

Mfana wa ku Biwi

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti mundiyankha mozama chonchi. Dzulo madzulo titatseka ndinawawerengera amalume zonse, ya achimwene a ku Beira Road anagwedeza mutu kuti ehe wamva, koma itafika ya chala ija ndi ya alamu a ku Joni anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati chabwino ukayese, Loweruka ndi pa holide malo ako alipo pano, ndipo anati ovolosi ndi nsapato adzagula iwo. Mayi ndawaimbira asagulitse kaye soya yense. Achemwali a ku Chigwa, ndapita kukayang'ana chithunzi cha pilot solenoid pa intaneti, ndi komweko kamene ndinaona.

Funso lomaliza a Fitala, podikira advert ndizichita chani kuti ndisangokhala, ndipo ndasunga kandalama pang'ono ka maganyu, ndiyambe kugula zida ziti? Ndimaganiza zogula bokosi la masoketi akuluakulu.

Fitala wa ku Kanengo

Masoketi akuluakulu asiye kaye mphwanga, a three quarter ndi a 1 inch ndi odula ndipo kampani iliyonse ya mathiraki imakhala nawo mu sitolo, umasainira nkubweza. Ndalama yakoyo gula multimeter, ngakhale yotchipa, ndi vernier caliper. Galimoto iliyonse yobwera pa galaja ya amalume uziyeza batire injini itazima ndi ikulira, uzilemba m'kope, uphunzire kupeza waya woduka ndi earth yoipa osachita kugwetsa moto ndi kawaya. Ma disiki ndi mapadi amene mukuchotsa uziwayeza ndi vernier mpaka kuwerenga kwake kukhale ngati kuwerenga wotchi. Ikatsalako gula masipanala abwino a 10, 13, 17, 19, 22 ndi 24, amodziamodzi osati seti yonyezimira ya pamsika imene imatseguka kukamwa pa boti yoyamba. Makope ako a physics usataye, ubwereze za pulesha, ma lever ndi Ohm's law, zidzakuthandiza m'kalasi. Konzeratu mafotokope a satifiketi ndi chitupa cha unzika kuti advert ikatuluka usayambe kuthamangathamanga, ndipo laisensi yoyendetsera uiike m'mapulani, makaniko wa field amapita yekha ku site ndi pikapu ngati bambo unawaona aja.

A ku Beira Road, mnyamata wanu wa laputopu uja mumuuze azikuonetsani pamene akudina, inunso mumuonetse za konekita, nonse mupindula.

Nde iwe, sabata ya mawa tili ndi Freightliner imene tikutsitsa hedi, Loweruka tidzakhala tikuyeza ma liner ndi kumanga. Ndilankhula ndi foromani, akalola ubwere udzaime pambali uone dial gauge mmene imagwirira, unditumizire uthenga ku inbox ndikuuze pokumana. Udzafike 7 koloko isanakwane ndipo uwauze amalume nsapato zija agule msanga, za chitsulo kutsogolo, popanda zimenezo mlonda pa geti sakulowetsa.